Mtedza Umene Phungu Anabweza

Uthenga unandipeza ndili m'tchalitchi, Lachinayi masana, mopu ili m'manja. Lachinayi ndi tsiku lathu lokolopa, ife amayi atatu a ku Tyrrelstown, ndipo tsikulo anzanga awiri anali atapita kale kukatenga ana kusukulu. Foni inalira m'thumba la jekete. Ndinaitulutsa ndi manja onyowa, ndinayang'ana. Inali nambala ya mkamwini wanga. Zaka zitatu ndakhala m'nyumba mwake, zaka zitatu ndalera ana ake, koma munthu ameneyu anali asanandiimbirepo foni ngakhale tsiku limodzi. Kwathu ku Ntcheu mkamwini sacheza ndi mpongozi wake ngati mnzake wa pa bawo. Akakhala ndi mawu amapatsa mkazi wake, mkaziyo ndiye amabwera nawo. Ndiye ndinati kaya ndi maliro, kaya ndi ngozi, ndinayamba ndakhala pa benchi ndisanayankhe.

"Amayi, pepani ndakuimbirani ndekha," anatero. "Chilolezo chija chatuluka. Fakitale sakutseka. Lolemba tonse tikubwerera pa ntchito, masiku onse five."

Sindikumbuka ngati ndinamuyankha. Ndikukumbuka kuti ndinaimirira, ndinaimba, ndinaponda pomwe ndinali nditakolopa kale. Chatuluka, chatuluka, ana agona kwawo, chatuluka. Nyimbo yopanda mwini, yobadwira pomwepo pakati pa mabenchi. Abambo a parishi, mzungu wokalamba amene anakhala zaka zambiri ku Malawi ndipo Chichewa amachilankhula ngati wa ku Dedza, anasuzumira kuchokera ku sakristiya. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Agogo, vinani ndithu, koma pansi mpoterera."

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3. Ndimalemba monga ndimaimbira, mawu amodzi akhale pansi kaye, anzake abwere pambuyo. Ndiye mundilole ndibwerere kumbuyo, mumve chilolezo chimenechi chinali chiyani, ndi mmene ine ndinatsala pang'ono kuchigwetsa ndi manja anga awiri.

Ndinabwera ku Dublin mwana wanga wamkazi atabereka mwana wachiwiri. Nthawi imeneyo mzinda unali ukumangidwa paliponse, ukatembenuka uku simenti, ukatembenuka uko njerwa. Sipanapite nthawi yaitali, ndalama inathawa m'dziko muno. Kuseri kwa nyumba yathu nyumba zina zinaima pa mawindo, denga osafika, udzu nkumera m'zipinda momwe anthu akanagona. Ana a aneba athu anakwera ndege kupita ku Australia. Mwana wanga, amene amasamalira okalamba, anamudulira maola. Wailesi inkangonena za mafakitale otsekedwa, m'mawa fakitale, madzulo fakitale, mpaka ndinaphunzira mawu achizungu oti kutseka popanda wondiphunzitsa.

Mkamwini wanga amagwira ntchito pa fakitale ina kufupi ndi Blanchardstown. Amapanga timatabwa tobiriwira ta zamagetsi, tating'ono ngati chikhato, ndipo ntchito yake ndi kutiyang'ana pansi pa galasi kuti aone ngati pali cholakwika. Ine ndinkati ndi ta mawailesi. Tsiku lina ndikusenda mbatata, mwana wanga anandifotokozera. Anati kale timatabwato tinkapita m'makina osiyanasiyana, koma ogula ambiri anasiya kugula. Oda yaikulu imene inatsala inali ya makina oteteza mizinda ku mizinga. Mzinga ukamabwera m'mlengalenga, makinawo amauona uli kutali, nkutumiza unzake ukakumane nawo usanagwere anthu. Ogula anali dziko lina laubwenzi ndi mayiko a kuno. Koma dziko lino sililowerera nkhondo za ena, ndiye zinthu zotere sizituluka popanda chilolezo cha unduna. Chaka chimenecho aphungu a komiti ina ya nyumba ya malamulo anauza unduna kuti uyambe waima, iwo ali ndi mafunso.

Aphungu akufunsa, fakitale inayamba kugwira masiku atatu pa sabata. Mabwana anauza antchito poyera kuti chilolezo chikachedwa, ogula apita kwina, ndipo chipinda chonse cha timatabwa chitsekedwa. Mapepala athu okhalira m'dziko muno anali omangirira pa ntchito ya munthu mmodzi ameneyu. Ntchito ikapita, pemiti yapita. Pemiti ikapita, tonse tanyamuka, ine, mwana wanga, ndi adzukulu awiri obadwira kuno, amene ukawafunsa m'Chichewa amamva bwinobwino nkukuyankha m'Chizungu. Ine kubwerera kwathu sindinkaopa, munda wanga ulipo. Koma anawo kwawo ndi kuno.

Ndili ndi mnzanga wa kwaya, mayi wa ku Chipata, namwino pa chipatala cha ku Tallaght. Chinyanja chake nchothamanga, ndipo amandiseka kuti ine ndimalankhula ngati ndikuwerenga Baibulo. Iyeyu ndi amene anandiuza kuti kuno phungu amakhala pa holo ya dera Loweruka lililonse m'mawa, ndipo aliyense amangolowa nkunena vuto lake, popanda kalata, popanda wokuperekeza. Anatinso phungu wa dera lathu, mayi, ali m'komiti yomweyo yofunsa mafunso. Sindinakhulupirire. Kwathu phungu ndinkamuona pa kampeni, apo ayi pa zenera la galimoto fumbi likutsatira. Ndinati mayi inu, ndiperekezeni ndikadzionere, mukandimasulirenso Chizungu.

M'nyumba sindinauze munthu. Mkamwini ndikanamuuza bwanji? Mwana wanga ndinkadziwa kuti akana.

Tsono apa mpomwe ndinalakwa, ndipo ndinalakwa ndi mtima woyera. Kwa munthu wamkulu supita chimanjamanja. Ndinaphunzitsidwa choncho, ndinaphunzitsa ana anga choncho. Ndinali ndi mtedza wa chalimbana wa m'munda mwanga, umene mng'ono wanga anandipatsira kudzera kwa munthu wa ulendo. Ndinkausunga ngati mankhwala. Lachisanu ndinaukazinga ndi mchere pang'ono, ndinauuluza pakhomo la kuseri, ndinaumanga m'chitenje chatsopano chimene ndinali ndisanavalepo, ndinauika pansi pa chikwama. Mnzanga uja sanauone.

Pa holo tinapeza mzere. Panali bambo wa kadi ya chipatala, panali mtsikana wa nyumba yodontha, panali mkulu wina amene ndikuganiza ankangofuna wolankhula naye. Pakhomo panakhala mayi wa imvi, wolemba maina ndi ma adilesi. Ndinapereka dzina langa ndi adilesi ya mkamwini, poti ndi komwe ndimakhala. Nthawi yathu itakwana tinalowa. Phunguyo anaimirira, anandikokera mpando, tiyi anathira yekha. Ine ndinayang'ana mnzanga, mnzanga anandiyang'ana ngati akuti si ndinakuuzani.

Ndinalankhula, mnzanga akumasulira. Ndinanena za mkamwini, munthu wosamwa, wosajomba, amene maso ake akutha ndi galasi. Ndinanena za masiku atatu. Ndinanena za adzukulu. Ndinati amayi, funsani mafunso anu, koma funsani mofulumira, kuseri kwa mafunsowo kuli ana. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anandifunsa ngati ndikudziwa ntchito ya timatabwato, ndiponso ngati mtima wanga uli pa mtendere nayo.

Funso limenelo linanditsegula pakamwa pamene sindinafune kutsegula. Mudzi wathu uli pamsewu umene ndi malire, uku Malawi, uko Mozambique. Nkhondo ya kutsidyako ndinaiona ndi maso, anthu akuwoloka msewu ndi mitolo pamutu, ena opanda ngakhale mtolo. Mayi wina wothawa ndinagawana naye dimba zaka zingapo. Nkhondo inatha, anthu anabwerera, tinaimba, tinavina. Koma mfuti sizinabwerere kumene zinachokera. Zinayamba kuyenda m'midzi, kusinthanitsidwa ndi mbuzi, ndi thumba la chimanga. Patapita zaka, anthu ena anabwera ndi imodzi pa golosale ya pa siteji pathu. Mlonda wa golosaleyo anali mlongo wanga. Tinamuika tsiku lachiwiri lake.

Ndiye ndinati kwa phunguyo, makina oteteza mzinda ndi abwino, inenso ndingakonde atakhala pamwamba pa adzukulu anga. Koma akadzakalamba, kapena ubwenzi ukadzatha, adzapita kwa yani? Adzawalondola ndani? Amene anapanga mfuti ija sanaganize za mlongo wanga, ndipo palibe amene anaitsatira kuti yafika pati.

Mnzanga sanamasulire. Anandiyandikira nkunena chapansipansi, "Amai, manje mwabwela kupempha nchito olo mwabwela kuononga? Nikambe zimenezi?"

Ndinati kambani, zatuluka kale. Anakamba. Phunguyo anatenga cholembera, analemba, anandifunsanso mawu amodzi kuti amve bwino, analembanso. Sanalonjeze kanthu. Anangoti wamva zonse ziwiri, za ana ndi za mlongo wanga.

Potuluka, mnzanga anathamangira galimoto yake poopa kuti nthawi imene analipira poimika galimoto yatha. Ine ndinatsalira pakhomo. Mphatso ya munthu wamkulu suipereka m'manja mwake, umapatsa wa pakhomo. Ndinatulutsa kamtolo kanga, ndinawerama pang'ono, ndinapereka ndi manja awiri kwa mayi wa imvi uja, nkuloza chitseko cha phungu. Anamwetulira, analandira. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba m'galimoto njira yonse, mnzanga akuti ndichepetseko poti akuyendetsa.

Lachitatu m'mawa wa positi anagogoda. Mkamwini anali pakhomo, poti linali limodzi mwa masiku osagwira ntchito. Anasaina, anatsegula phukusi pa tebulo. Ine ndinali pa masitepe ndi zovala zochapa. Ndinaona chitenje changa chikutuluka, mfundo yake yomweyo imene ndinamanga ndekha, ndi kalata ya chidindo cha nyumba ya malamulo pamwamba pake. Anawerenga ataimirira. Anawerenganso. Sanandiyang'ane. Anavala jekete nkutuluka, kunja mvula ikugwa.

Mwana wanga atabwera ku ntchito analowa m'chipinda mwanga nkutseka chitseko. Anandifunsa chimene ndachita, ndinamuuza zonse. Anakhala pa bedi, manja kumaso. Anati kuno munthu amene akuweruza nkhani salandira kanthu kwa mwini nkhani, akalandira amati ndi chiphuphu. Anati mabwana a fakitale anachenjeza antchito onse kuti asalankhule ndi andale kapena a nyuzipepala mpaka nkhani ithe. Anatinso m'kalatamo phungu walemba kuti wadziwitsa mlembi wa komiti za mphatsoyo ndi kuti waibweza, ndiye tsopano zalembedwa kuti wachibale wa wantchito wa fakitale anapereka kanthu kwa phungu wa komiti.

"Mtedza, mwanawe," ndinatero. "Mtedza wokazinga."

"Ngakhale ikanakhala njere imodzi, amayi. Akafuna chifukwa chomuchotsera, mwawapatsa."

Manyazi anandigwira pawiri. Kwathu kubweza mphatso ndi kutukwana, ndipo ine ndinali ndisanabwezeredwepo kanthu chibadwire. Koma chachikulu chinali chakuti ndinapita kukapulumutsa ntchito ya mwana wa eni, ndipo mwina ndaiponya m'madzi. Tsiku limenelo sindinatsike kukadya.

M'mawa mwake mkamwini anatenga kalata ija nkupita nayo yekha kwa bwana wake, asanaimve kwa ena. Tsiku lonse ndinachapa zinthu zoyera kale. Madzulo anabwera, anakhala pa tebulo la kukhitchini, mkazi wake pambali, ine pa mpando wanga wa pafupi ndi chitseko. Anafotokozera mkazi wake, ine ndikumva. Anati bwana anawerenga kawiri, anaitana loya wa kampani, anauza mkamwiniyo alembe zonse mmene zinayendera, ndipo anamufunsa katatu ngati pali wa kampani amene anandituma. Loyayo anafunsanso kuti mtedzawo unali wochuluka bwanji. Palibe amene anaseka. Koma pomaliza bwana anamuthokoza poti wabwera nazo yekha, ndipo anati kampani nayo ilembera komiti kuti sinkadziwa.

Kenako anatembenukira mkazi wake nkuti, "Muwauze amayi kuti nkhani yatha, asadandaule."

Ine ndinati kwa mwana wanga, "Uwauze bambo kuti ndalakwa, andikhululukire."

Mwana wanga anayang'ana uku, anayang'ana uko. "Khitchini yake yomweyi, nonse muli ndi makutu, ine mwandiyesa foni?" Anadzuka, anamasula chitenje, anathira mtedza m'mbale nkuika pakati. Mkamwini anatapa kaye iyeyo. Anatafuna, anauza mkazi wake kuti phungu wataya mwayi. Tinaudya tonse mpaka mbale kuyera.

Lamlungu Misa itatha ndinapita ndi kalata ija kwa abambo a parishi kuti andiwerengere pang'onopang'ono m'Chichewa, poti mwana wanga anangondiuza zoopsa zokha. Anavala magalasi. Kumapeto kwake phunguyo analemba kuti fungo la mtedzawo linadzaza ofesi ndipo kuubweza kunamuwawa, koma akanaudya, mawu ake onse pa nkhaniyi akanapepuka. Analembanso kuti komiti ikhala poyera sabata yotsatira, ndipo ngati ndikufuna kudzamvera, walembetsa dzina langa ndi la mnzanga pa geti. Abambo anavula magalasi nkundiuza kuti iwonso atangofika kwathu anakana nkhuku ya mayi wina poganiza kuti akumuchitira chifundo, ndipo mayiyo sanawalankhule chaka chathunthu. Anati aliyense amalakwa ndi ulemu wa kwawo.

Ndinafunsa kaye m'nyumba ulendo uno. Yankho linabwera kudzera kwa mwana wanga, kuti ndipite, koma chikwama changa mwana wangayo achisecha yekha.

Tinakwera basi mpaka m'tauni. Pa geti anatifunsa maina, anawapeza pa pepala, zikwama zinadutsa m'makina. Anatitsitsira ku chipinda cha pansi chopanda zenera. Aphungu anakhala mozungulira tebulo lopindika, kutsogolo kwawo akuluakulu a unduna ndi bambo wina wa fakitale, ife kumbuyo pa mipando ya alendo. Ndinadabwa kuona anthu a masuti akufunsidwa ngati ana a sukulu, nkumayankha mwaulemu, ena thukuta lili pamphumi. Mnzanga ankandinong'oneza mpaka mlonda anatiyang'ana, ndiye anayamba kundiuza mawu awiri atatu basi. Phungu wina analankhula za ntchito, kuti dera lake laferedwa mokwanira. Wina, wa ndevu, anakalipa kuti dziko lino lisagulitse ngakhale kamsomali ka zankhondo. Ine mtima unkapita uku, unkabwerera uko.

Kenako phungu wathu anayatsa kachoyankhulira kake. Asanamalize ndi kulankhula komwe, mnzanga ananditsina pa ntchafu. Linali funso lija. Makinawa akadzakalamba, kapena ubwenzi ukadzasintha, adzapita kwa yani, ndipo adzawalondola ndani? Mkulu wa unduna anatembenuza mapepala. Anati pali chikalata chimene ogula amasaina. Phungu anafunsa kuti zaka zikapita, amapita ndani kukaona ngati chikalatacho chikusungidwa, ndipo nyumba ya malamulo imauzidwa liti. Mkuluyo anatembenuzanso mapepala, anayang'ana mnzake, nkuti adzayankha polemba. Wapampando anati ngati zili choncho, komiti idikira yankholo isananene maganizo ake.

Kudikiranso. Ndinakwera masitepe aja nditagwira khoma. Ine amene ndinapita kukapempha kuti afulumire, ndi ine ndawapatsa chochedwera. M'basi, titadutsa mtsinje, mnzanga anati funso langa linali labwino, chabe nthawi yake ndiye yoipa. Ndinati zikomo, mwanditonthoza ngati namwino weniweni. Tinaseka pang'ono, kuseka kosafika pamimba.

Kunyumba sindinabise. Ndinauza mwana wanga kuti funso lochedwetsa lija linachokera pakamwa panga, akawauze bambo a ana. Anapita, anakhalitsa. Atabwerera maso anali ofiira, koma osati ndi mkwiyo. Anati mwamuna wake wanena kuti funso limenelo iyenso amadzifunsa tsiku lililonse akawerama pa galasi, kuti katabwa aka kadzathera kuti, koma analibe womufunsa. Wanenanso kuti ntchito akuifuna ndi mtima wonse, koma ikatayika chifukwa cha funso limenelo, sadzaloza chala munthu m'nyumba muno. Zaka zonsezi ndinkamudziwa ngati munthu wofatsa wolipira lendi. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti mwana wanga anakwatiwa ndi ndani.

Masabata amene anatsatira anali aatali. Kunja kunkada msanga, kunkacha mochedwa. Anzake awiri a mkamwini sanadikire, anapeza njira zawo nkuchoka. Mwana wanga anayamba kusankha zovala, izi tidzanyamula, izi tidzapereka, akuchita mobisa kuti ana asaone. Koma wamkuluyo anaona. Anandifunsa m'Chizungu chake ngati ku Ntcheu kuli aphunzitsi ake omwewa, ndipo ine ndinamuyankha m'Chichewa changa kuti adye kaye. Popemphera ndinkapempha zinthu ziwiri, ntchito ikhale, funso liyankhidwe. Sindinkadziwa ngati Mulungu amalandira mapemphero awiri okokana chotero kuchokera pakamwa pamodzi. Ndinkangowapereka onse, Iye akasankhe.

Ndiye linafika Lachinayi lija la mopu. Madzulo ake, mkamwini atabwera, tinamva zonse. Unduna unayankha, komiti inakhutira, chilolezo chinatuluka chili ndi zingwe zake. Ogula sangapereke makinawo kwa wina aliyense osayamba apempha kuno. Ndipo chaka chilichonse akuluakulu a unduna azibwera pamaso pa aphungu kudzanena kumene zinthuzo zili. Sindikunena kuti ndi ine ndinachita zimenezi. Mwina phunguyo funsolo anali nalo kale m'thumba, mwina ena analifunsanso. Sindikunenanso kuti pepala lingaletse zoipa zonse, ndakula ndaona mapepala akung'ambidwa. Koma pali anthu tsopano amene ntchito yawo ndi kufunsa chaka ndi chaka, ndipo mlongo wanga analibe ngakhale mmodzi womufunsira. Ntchito yakhala, funso layankhidwa. Ndinapempha ziwiri, ndinalandira ziwiri, ine mayi wa Sitandade 3.

Loweruka masana tinatsegula zitseko zonse, cha kumaso ndi cha kuseri, ngakhale kunkazizira. Mwana wanga anabweza zovala zija m'makabati anthu asanafike. Ine ndinaphika kuyambira m'mawa, mpunga, nkhuku zolimba za ku shopu ya Afirika, mandasi beseni lonse. Sitinatumize makadi. Uthenga unayenda wokha, foni ndi foni, ndipo anthu anabwera. Ndiwatchula monga timaitanirana, poti ndi maina amene ndimawadziwa bwino.

Anabwera mayi wa ku Chipata, atangoweruka ku chipatala, yunifolomu ili m'kati mwa jekete, akuuza aliyense kuti akanapanda kumasulira iye bwenzi zonse zitagona. Anabwera abambo a parishi ndi ndodo yawo, nakhala pafupi ndi mandasi. Anabwera anzanga awiri okolopa nawo, akudandaula kuti ndinavina iwo kulibe, ndiye ndinawavinira kachiwiri. Anabwera make mapasa ndi mapasa ake, anabwera bambo a takisi a ku Mzimba amene anazimitsa mita tsiku lonse nkumatuta anthu. Anabwera anyamata ndi atsikana a sukulu a ku Rathmines, asanu m'galimoto imodzi, ndi njala yawo ya masiku onse. Anabwera mlamu wa mwana wanga wa ku Tallaght ndi mkazi wake wodwala miyendo, amene anavina atakhala pa mpando. Anabwera aphunzitsi a kwaya ndi kiyibodi yawo pamutu, anabwera mayi wa saluni, anabwera mkulu wa mpingo wa anzathu a ku Zambia ndi banja lake lonse. Anabwera mnzake wa mkamwini wa ku Poland, wa tebulo loyandikana nalo ku fakitale, ndi botolo limene abambo a parishi anachita ngati sakuliona. Anabwera mayi wa ku Nigeria wa nyumba ya pakona, ndi mphika wake wa tsabola. Anabwera bambo wa ku Thyolo amene ntchito yake ya zomangamanga inatha kalekale ndipo sinabwerere, anabwera ndithu, anaimba besi kuposa tonse. Ndipo pomaliza, dzuwa likupendeka, anagogoda pa chitseko chotsegula kale aneba athu a ku Ireland konkuno, mayi ndi bambo, amene ana awo onse atatu ali ku Australia, keke ili m'manja, akufunsa ngati malo alipo.